Batani Losowa la ku Uliwa

Abale, pali ntchito ina imene ndinaigwira bwino kwambiri moti mpaka lero ndikaikumbukira ndimadzitukwana.

Ndimagwira ntchito ya makompyuta ku bungwe lina la alimi a mpunga pa Boma la Karonga, ine mwana wa ku Ntcheu, wopanda m'bale kumpoto konse. Abwana anandiuza kuti ndipange fomu ya pakompyuta yolembapo dzina la mlimi, mudzi wake ndi kulemera kwa mpunga. Ndinaipangira pa chisikirini changa cha muofesi, chachikulu ngati zenera la tchalitchi. Inakongola heh! Ndinaitumiza ku Uliwa, kosikelitsira mpunga, ndikudziguguda pachifuwa.

M'mawa mwake foni inalira.

"A Kompyuta, monire. Ndine NyaMhango wa ku sikelo. Fomu yanu ilibe miyendo."

"Miyendo bwanji, chemwali?"

"Yathera m'chiuno. Batani losevera kulibe."

Ndinakwera minibasi ndili wolusa, ndikuti anthu akumudzi sadziwa kompyuta. Nditafika ndinapeza zinthu ziwiri. Choyamba, kalaputopu kawo kanali kakang'ono ngati buku la nyimbo, ndipo batani langa linali litagwera kunsi kumene maso safika. Chachiwiri, NyaMhango mwiniwake. Anandimwetulira, kampata ka m'mano kakuoneka, ine mkwiyo wonse balala. (Musandiseke, ndinali nditatha miyezi ndikudya ndekha.)

Pofuna kudzionetsa, ndinachepetsa chilichonse pa fomuyo kuti ikwane. Inakwanadi. Anandipatsa mbalagha, nthochi zija zophika ndi nyama, ndinabwerera ku Boma ndikuimba.

Sipanapite nthawi: "A Kompyuta, zilembo zanu ndi nyerere. Mukufuna ndifere maso?"

Ulendo wina! Ndinakulitsa zilembo, n'kuuza fomuyo malo enieni oti izitsekukira, koma malowo ndinawayezanso pa chisikirini changa chija. Kufika ku Uliwa, alimi a ku Vinthukutu ali pamzere ndi matumba awo, dzuwa likuswa mtengo, ndinayatsa monyada. Fomu inatsekukira kunja kwa sikirini. Kanangotsala kangodya kokha, kakusuzumira pakona.

"Adada, mpunga withu wanjira?" anafunsa bambo wina wachikulire, kufuna kudziwa ngati mpunga wake walowa.

Ndinapendeketsa laputopu (inde, ine wa masatifiketi) ngati fomuyo itsetserekera pakati. Mzere wonse unafa nacho chiseko. NyaMhango anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Komabe mbalagha anandipatsa, ndipo anandiperekeza mpaka pamsewu.

Apa ndi pamene nzeru zinandithera. Mwamuna wochenjera akanayankhula zakukhosi pamsewu pomwepo. Ine ndinati ayi, ndiyambe ndachotsa manyazi, aone kuti ndine katswiri, mawuwo ndidzanena ulendo wotsatira. Ndinakhalira ntchitoyo osapuma. Ndinaiphunzitsa fomu kuyamba yafunsa kukula kwa sikirini isanatseguke, kenako idzitambasule kapena kudzifinya, ikhale pakati penipeni, batani losevera limamatire m'munsi osasuntha. Ndinaiyesa pa kompyuta iliyonse ya muofesi, n'kuitumiza.

Foni inalira.

"Yewo chomene, a Kompyuta! Yakhala bwino zedi. Basi, simudzavutikanso kubwera kuno."

Ndipo sindinavutikedi. Popanda vuto abwana sakanandilola kusiya ofesi, ndipo ine, wamantha ngati nkhuku, ndinalibe chonamizira choimbira foni. Ndinadikira fomuyo iwonongeke. Sinawonongeke. Ndimamusowa mtsikana uja, abale, ndinene poyera. Ndikamva fungo la nthochi zophika ndimangokumbukira ku Uliwa.

Chaka chatha bungwe linagulira a ku sikelo matabuleti, tisikirini tating'ono kuposa kale. Ndinasangalala, ndinasita malaya, ndinametetsa tsitsi, foni ndikuyenda nayo m'manja. Inalira masana.

"A Kompyuta, ndimati ndikuyamikeni. Yakwananso ndendende! Ngakhale amuna anga, asilikali a ku Chilumba, akuti munthu ameneyu amaidziwa ntchito."

Ndinayankha kuti yewo. Malaya aja ndinawabwezera pa hang'ala.