Bulauzi ya Apongozi ndi Boila Yanga

Pali zinthu zina munthu umachita ndi mtima wabwino, koma pamapeto pake umalakalaka nthaka itang'ambika ulowemo. Ine zinandionekera chifukwa cha madzi otentha.

Ndinakulira pa esiteti ya tiyi, kumene bambo anga anali kalaliki. Kuseri kwa nyumba yathu kunali boila: mgolo wachitsulo wogonekedwa pa njerwa, pansi pake moto wa nkhuni za bulugamu, paipi yake n'kulowa m'bafa. M'mawa wa mu Juni, phiri litafunda nkhungu, ife ana tinkaunjikana pamenepo kuwotha, mbatata zili m'phulusa. Mpaka lero ndikamva utsi wa bulugamu ndimawasowa bambo anga.

Ndiye nditamanga kanyumba kanga kufupi ndi Chitakale, ndinati nanenso boila ndikhala nayo. Ndinapeza mgolo wakale ndi mapaipi achitsulo otha ntchito (musandifunse kumene ndinawatola), n'kulumikiza ndekha. Poyamba zinkayenda bwino. Nyengo yotentha itafika tinasiya kusonkha moto, madzi n'kungogona mumgolomo miyezi yonseyo.

Kenaka kunabwera apongozi anga, mayi a mkazi wanga, kuchokera ku Muloza. Pa Boma panali msonkhano wa amayi a mpingo, ndipo iwo ndi amene ankakatsogolera nyimbo mawa lake. M'chikwama mwawo munali bulauzi yoyera ya yunifolomu, imodzi yokhayo, imene anawasokera malemu amuna awo, omwe anali telala.

Tsono mudziwe kuti apongozi anga anali a mwambo wakale. Ine ndi iwo sitinkayang'anizana. Moni tinkapatsana wina ali pakhonde wina ali kuseri kwa chitseko, ndipo nkhani ina iliyonse inkadzera kwa mkazi wanga.

Tsikulo kunali chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ndinati lero apongozi adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndinasonkha moto mpaka mgolo unayamba kulira.

"Amayi, bambo a Tadala akuti musavutike ndi ndowa, madzi otentha ali pa mpopi," anatero mkazi wanga.

"Uwathokoze," anayankha apongozi.

Mkazi wanga anatenga dengu ulendo wa kumsika kukagula nsomba.

Bafa lathu n'lamdima, kazenera kake kongokwana mphaka, ndipo magetsi anali atazima. Apongozi atalowamo, ndinamva chitseko chikutsekedwa, madzi akukhuthukira m'beseni. Ine ndinalowa kukhitchini ndikudzimva, n'kutsegula mpopi wa madzi otentha kuti nditsuke kapu. Abale inu, zimene zinatuluka zinali ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinatsegula wa ozizira: oyera mbee. Ndinabwerera ku wa otentha: ofiira, tizidutswa ta dzimbiri tikuyandama.

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti Loweruka bambo anga ankatsegula kachitsekerero ka pansi pa mgolo, madzi ofiira n'kumayenderera ku nthochi mpaka atayera. Ine ndinasunga za mbatata ndi utsi, za ntchitoyo ndinazisiya ku esiteti konko.

M'bafa muja ndinamva kuti kuchapa kwayamba, apongozi akuyeserera nyimbo ya mawa.

Kukagogoda pa bafa apongozi ali m'kati? Bola kundimanga. Ndinaima patali n'kutsokomola. Nyimbo inapitirira. Ndinatembenukira nkhuku zimene zinabisala pakhonde n'kunena mokweza kuti, "Nkhuku inu, madzi a lero si abwino ayi. Munthu asachapire chinthu choyera." Nyimbo ija inangokwera (ndinamva pambuyo pake kuti ankaganiza kuti ndalawako, ndiye ankandibisira manyazi). Nzeru zitandithera, ndinatola chikuni n'kuyamba kumenya paipi kuseri kuti mwina adabwe, atseke mpopi. Dzimbiri lonse limene linali likadagwira m'kati mwa paipi linasiya, n'kutsikira kwa apongozi.

Mkazi wanga pobwera anapeza bulauzi ili pachingwe pakhonde, yamawangamawanga.

"Bambo a Tadala, ichi n'chiyani?"

"Ndi dzimbiri."

"Ndikuona kuti ndi dzimbiri. Ndikufunsa kuti amayi avala chiyani mawa."

Apongozi anali pamphasa, akungoyang'ana manja awo. Kunena zoona zinandipweteka kwambiri, bola akanandikalipira.

Mukuganiza kuti ndinalekera pomwepo? Ndinathamangira kugolosale, n'kugula mankhwala oyeretsera zovala aja, n'kuthira pa bulauzi apongozi ali kukhitchini. Ndinali ndisakudziwa kuti dzimbiri likakumana ndi mankhwala amenewo limakhazikika. Mawanga aja anada kuposa poyamba.

"Manja anuwo muwaike m'thumba," anatero mkazi wanga. "Kapena pitani mukathyole mandimu."

Masana onse tinkapaka mandimu ndi mchere. Zimenezi zimafuna dzuwa, koma dzuwa la chiperoni mulipeza kuti? Mawanga ambiri anachoka, koma paphewa lakumanzere panatsala limodzi lalikulu ngati chikhatho cha mwana. Mkazi wanga anati akabwereke bulauzi kwa mnzake. Apongozi anakana.

"Ndivala yomweyi. Anasoka ndi bambo ako."

M'mawa anaisita, anavala, anamanga duku. Atafika pakhomo anaima, atandifulatira.

"Bambo a Tadala."

Ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Chikwatirire mwana wawo, anali asanandiitanepo okha.

"Ine, amayi."

"Madzi aja anali otentha bwino, msana wanga wamasuka. Koma mgolo wanuwo muziutsuka. Ngakhale mtsuko timatsuka."

Ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ankaseka, ndipo anatuluka osacheuka.

Mapaipi achitsulo aja ndinachotsa, ndinaika apulasitiki opirira madzi otentha. Pansi pa mgolo ndinaikapo mpopi wokhuthulira, ndipo boila ikakhalitsa osayaka ndimayamba ndataya madzi mpaka ayere. Koma mgolo ndi wachitsulo womwe uja, ndipo ulesi wanga nawonso ndi womwe uja, ndiye mukadzabwera kwathu mudzayambe mwayang'ana madzi musanaviike kanthu.

Apongozi anatisiya chaka chatha. Pamaliro, amayi a mpingo anayala yunifolomu yawo pamwamba pa bokosi, monga amachitira. Ndili kumbali ya azibambo ndinaliona banga lija paphewa, litazirala koma lilipo. Madzulo ake mkazi wanga anandiuza kuti anawagulirapo bulauzi yatsopano, koma inangokhala m'sutikesi. Akuti anzawo akawafunsa za bangalo ankayankha kuti, "Ameneyo ndi mkamwini wanga, ankafuna ndisambe otentha."

Ndinayamba kuseka, pamaliro pomwepo, kenaka ndinalephera kuugwira mtima. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira ndekha.