A Orton Ng'ambi ndi Njovu Yawo

Ku City Centre kuno aliyense ankadziwa kuti kupereka moni kwa a Orton Ng'ambi kunali kudziputira nkhani ya madatabesi. Iwo ndiwo ankasunga mayina a anthu m'makompyuta a ofesi ina yaikulu, ndipo mtima wawo wonse unali pa databesi yotchedwa PostgreSQL, imene ankaitcha Njovu chifukwa cha chizindikiro chake. Eveless, amene anayandikana nawo desiki zaka zisanu ndi zinayi, amalumbira kuti pa ukwati wina ku Area 47 a Orton atapatsidwa maikolofoni kuti alangize akwati, anati banja labwino lili ngati Njovu: ikayamba kulemba chinthu imamaliza chonse, apo ayi siisunga kalikonse. Mpunga unazizira iwo akufotokozabe.

Wotsutsana nawo anali a Frazer a m'chipinda chomwecho, okonda databesi ina yatsopano yopanda matebulo osanjamo zinthu m'mizere, yongoponyamo chilichonse. A Orton ankati limenelo ndi dzala. A Frazer ankati Njovu ndi nkhalamba yofunsa mafunso ambiri. Tiyi wa teni koloko ankathera pamenepo.

Abwana atalamula kuti zonse zisamukire ku databesi yatsopanoyo, a Orton anachenjeza kuti makompyuta a m'maboma salemba zilembo mofanana ndi a kulikulu. Palibe anawamvera. Zonse zitasamuka, Lolemba lake mayina onse okhala ndi ŵ anatuluka ndi zilembo zachilendo zosatheka kuwerenga, masiku obadwa atatembenuka, mwezi uli pamalo pa tsiku.

"Ndiye mwasangalala?" anafunsa a Frazer.

"Sendezani mpando," anatero a Orton. "Tiyambire ku Karonga."

Anakonza limodzi milungu itatu, akukanganabe. Eveless ndiye anaona kuti a Orton mapazi atupa, nsapato sakumanganso zingwe, koma atawafunsa za kuchipatala anamuyankha za matebulo. Anamwalira mwezi wotsatira, ntchito itangotha kumene.

Kumaliro ku Rumphi a Frazer anaimirira kuti alankhule m'malo mwa ofesi. Anangoti, "Munthu uyu anali wovuta," n'kukhala pansi nkhope ili m'manja.

Pano makompyuta akuyenda bwinobwino. Amene analowa m'malo mwa a Orton ndi munthu waulemu, amavomera chilichonse chimene a Frazer anena. Eveless akafika m'mawa amapeza a Frazer ataima pazenera akuyang'ana magalimoto, ndipo madzulo amaweruka osakweza mawu ngakhale kamodzi.