Ndinatentha Phiri Pofunafuna Mdima

Anzanga, musanandiseke yambani mwamva kuti cholinga changa chinali chabwino. Ndinkangofuna kuti atate anga aone nyenyezi zikugwa, kamodzi kokha, maso awo asanatsekeretu.

Ife tinachokera kutsidya kwa Ruo, kuthawa chikoti cha Apwitikizi, ine ndili kale ndi ndevu zanga. Amayi anatsala panjira. Tinawaika pansi pa mtengo umene lero sindingathe kuuloza, ndipo manda a makolo athu onse anatsala komweko. Tsono atate, posowa manda okasesa, anadzipangira kamwambo kawokawo. Nyengo yozizira, chimanga chitalowa m'nkhokwe, udzu utauma, pamakhala masiku angapo amene nyenyezi zimathothoka kwambiri cha kum'bandakucha. Iwo ankakhala panja atafunda, ikagwa imodzi n'kutchula dzina la mmodzi mwa amene tinawasiya. Vuto linali lakuti akufa athu ankachuluka kuposa nyenyezi. Atate ankayambira akuluakulu, ndipo chaka chilichonse kunja kunkawachera asanafike pa dzina la amayi. Ndikawauza kuti angoyambira amayiwo, ankandiyang'ana ngati ndatukwana, n'kunena kuti mkazi sadumpha apongozi ake.

Chaka chimene ndikunenachi ng'ala inali itawagwira maso onse awiri. Ku Mishoni anatiuza mosabisa kuti pofika dzinja kudzakhala kutada. Ndiye onjezanipo utsi wa m'mudzi mwathu muja, kumunsi kwa phiri cha ku Chitakale. Kukazizira nyumba iliyonse imasonkha moto usiku wonse, utsi n'kugona pamwamba pa madenga, moti ngakhale ine wamaso ndinkangoona nyenyezi zikuluzikulu zokha. Ndinaganiza zowatengera pathanthwe lina lili pamwamba pa mudzi, kumene kulibe moto wa munthu, usiku wopanda mwezi.

Masiku amenewo ndinali wamachila wa mzungu wina amene ankazula khofi n'kumabzala tiyi, ndipo ndinkadzimva. Mkazi wanga, make Luka, anandiuza kuti tinyamuke dzuwa likadalipo, titengenso mlongo wake atithandize. Ine ndinamufunsa ngati anamvapo kuti munthu wonyamula azungu onenepa analephera kubereka bambo ake. Za mdima wa panjira ndinati asadere nkhawa, pakuti khukhi wa bwana anali atandibwereka mobisa nyali ya galasi, ya palafini, yoti ibwerere kusanache. Anachita kundiyatsira yekha. Ine chibadwire ndinali ndisanaigwirepo, koma zimenezo sindinauze aliyense.

Tinanyamuka anthu atagona, atate kumsana, nyali kumanja. Chimene chinandiwawa panjira si chitunda ayi, koma kupepuka kwawo. Munthu amene kale ankanyamula mtanda wa denga yekha tsopano anali ngati mtolo wa mapesi. Tinafika, ndinawakhazika pakati pa thanthwe, ndinawafunditsa bulangete langa, n'kuika nyali pambali pawo monyadira kuti nawonso aone zachizungu.

"Mwanaka, mwana wanga iwe, tabwera kudzaona nyenyezi kapena chimenechi? Zimitsa."

Nanga ndizimitse bwanji? Machesi ndinalibe, ndipo ikazima titsika bwanji? Ndinati ndingoichepetsa, monga ndinkaonera khukhi akupotokola kachitsulo ka pambali. Ndinapotokolera kolakwika. Lawi linadumpha, galasi linachita bii ndi mwaye, koma kuwala kunali pompo. Ndinauzira kumbali, ndinauzira pamwamba, ndinapsa mlomo. Atate anafunsa ngati pali vuto, ine ndinati palibe, nyali zachizungu zimatero.

Ndinainyamula kuti ndikaibise. Chapansipa, kumbuyo kwathu, panali mulu wa mitolo ya udzu wofolera umene amayi a m'mudzi anamweta n'kuunjika kuti aziututa pang'onopang'ono. Ndinaika nyali kuseri kwa muluwo. Nditabwerera ndinaona kuti kuwala kukutulukirabe m'mbali, ndiye ndinapitanso, n'kukoka mtolo umodzi n'kuutsamiritsa pamwamba pake. Inde, ine amene, munthu wa ndevu, bambo wa mwana. Ndinabwerako ndikudziyamikira kuti nzeru ndili nazo.

Tsono mdima unabwera weniweni. Nyenyezi zinadzaza thambo mpaka kumapazi a phiri, kuzizira kukulowa m'mafupa, ife awiri tikudikira. Sipanapite nthawi, imodzi inathothoka, yaitali, yoyera. Ndinawagwira phewa n'kuwalozera. Anafunsa kuti kuti. Inagwa yachiwiri, kenako yachitatu, ine kuloza, iwo kutembenuza nkhope uku ndi uku, osaona kanthu. Ndinawapempha kuti ine ndiziwauza ikagwa, iwo azingotchula maina.

"Sinditchula dzina la munthu ndi maso obwereka," anatero.

Apo mtima wanga unasweka, sindikubisirani. Ndinazindikira kuti ndachedwa, kuti ulendowu ndikanaupanga chaka chatha, kapena chinacho, pamene ndinali kalikiliki kuthamanga ndi machila. Misozi inatsika, ine ndikuthokoza mdima kuti ukundibisa.

Kenako ndinaona dzanja langa likuoneka bwinobwino. Ndinati kodi kwacha kale? Koma kunja kuno kumachera kumadzulo kuyambira liti? Nditacheuka, mulu wonse uja unali lawi limodzi lalitali kuposa nyumba, ndipo moto unali utayamba kale kudya udzu wosamweta wa m'mbali. Atate anali pabwino, pakati pa mwala wopanda chomera, tsono ndinangowatsomphola bulangete n'kuthamangira kumoto. Ndinamenya kawiri, bulangete linayaka. Ndinaliponya, ndinayamba kupondaponda ndi mapazi, nsalu yanga ya m'chiuno inagwira. Ndinaivula n'kuitaya kutali. Munthu amene anakwera phiri kukafuna mdima anaima pamenepo monga anabadwira, phiri lonse likuwala ngati masana.

Kumudzi anaona, mfuu inamveka, ndipo anthu anakwera ndi nthambi zaziwisi. Patsogolo panali amayi a m'mudzi aja, poti udzu unali wawo. Patsogolo pa amayiwo panali a Nabiyeni, mayi wamasiye wa pakamwa pakuthwa, amene nyumba yawo inadontha dzinja lonse ndipo udzu wambiri pamuluwo unali wawo. Ine ndinathothola kanthambi ka msuku n'kudziphimba, kanthambi ka masamba anayi. Amuna anapita kukatchinga moto, koma a Nabiyeni anandilunjika. Anandiuza za manja awo ong'ambika, za ana awo ogona pamatope, za amuna amene amakula thupi lokha. Zonse zinali zoona, ndipo ine ndinangozyolika ndi kanthambi kanga.

Ali pakati pa mawu anasiya. Kuchokera pathanthwe pankamveka mawu a atate. Mphepo inkanyamula mphaliphali za moto n'kumazidutsitsa pamwamba pawo, zofiira, zosawerengeka, ndipo iwo anali atakweza nkhope, akutchula maina limodzi pambuyo pa linzake, osapuma. Agogo awo, amalume awo, azakhali, abale awo amene anatengedwa osabwerako. Ambiri mwa amene anabwera kudzazima moto anali a kutsidya komweko, ena mainawo ankawadziwa, ndipo nthambi zinayamba kutsika m'manja. Potsiriza anafika pa dzina la amayi, limene ine sindingalitchule pano. Analitchula katatu, pang'onopang'ono, monga munthu woitana mnzake ali kuseri kwa nyumba.

Ndinayandikira. "Atithi," ndinatero, kuitana atate m'chilankhulo cha kwathu.

"Mwanaka, malo ano unasankha bwino. Chaka chino zakwana."

Ndinayang'ana a Nabiyeni, ndikuopa kuti aulula. Iwo anangomasula nsalu imene anafunda kumapewa, anandiponyera akuyang'ana kumbali, n'kutsika phiri.

Zotsatira zake mukhoza kuzidziwa nokha. Nyali tinaipeza m'phulusa itapindika, ntchito ya machila inathera pomwepo, khukhi sanandipatsenso moni. Udzu ndinakamweta kutali, cha ku Thuchila, mpaka denga la a Nabiyeni ndi a anzawo onse litafoleredwa, ndipo ana a m'mudzi akandiona ankathothola tsamba n'kudziphimba. Zonsezo ndinapirira, chifukwa mumtima ndinali ndi kanthu kamodzi kondisangalatsa. Ndinkati uchitsiru wanga wapusitsa nkhalamba, yaona nyenyezi zake, yatchula mkazi wake.

Mvula yoyamba itagwa maso awo anatsekeka ndithu, ndipo chimanga chisanamasule tinawaika. Titachoka kumanda, anthu atabalalika, ndinakhala pakhonde ndi make Luka. Pofuna kudzitonthoza ndinamuuza kuti bola anapita osadziwa kuti zija zinali mphaliphali. Iye anandiyankha.

"Inu bambo a Luka, atate anafa maso okha. Mphuno inali yamoyo, makutu amoyo, ndipo bulangete munachita kuwalanda m'manja. M'mawa mwake anandiitana n'kundifunsa ngati munapsa kwambiri. Anati anamva momwe ankakunyozerani pamaso pa anthu, ndiye anaona kuti angoyamba maina. Anandiletsa kukuuzani iwo ali moyo."

Ndinanyamuka, ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinalira kuposa momwe ndinalirira kumanda. Nyali ndinailumbirira tsiku lomwelo, sindidzaigwiranso ngakhale andipatse yaulere. Ndipo mukadzamva ine Namakhwa ndikudzitama kuti ndapusitsa nkhalamba, mudzayambe mwaifunsa nkhalambayo.