Puleni imene ndinasankhira mkamwini wanga

Amene akuti ndikunama akafunse ku Ndirande ngati kunakhalako kalipentala wondiposa ine. Mukumva?

Nditabwera kuno ku Leicester, kudziko la azungu, kudzaona mwana wanga Tadala, amene ndi nesi, ndinapeza mwamuna wake, mzungu wofatsa, akusema matabwa oimapo pa mafunde a nyanja m'galaja mwake, kumene nyanjayo kulibe. Tadala anali atamuuza kuti abambo ake amapala thabwa mpaka ntchentche kutererapo, ndiye anandipempha ndikamusankhire puleni yamagetsi yopalira matabwawo. Ndikanalephera, mwana wanga akanasanduka wabodza m'nyumba mwake.

Kushopu iye analoza kapuleni kopepuka, kopala thabwa pang'onopang'ono. Ine ndinaseka, chifukwa kwathu puleni timayesa ndi kulemera, ndipo ndinasankha chipuleni chimene anthu anayi analephera kunyamula, ine n'kuchipanira m'khwapa. Mkamwini anangotulutsa ndalama n'kulipira. Tadala anamuphunzitsa bwino kuti apongozi satsutsidwa.

"Chabwino, adadi," anatero.

Thabwa lake silinali mlombwa ayi, linali loyera, lopepuka ngati buledi wadzulo, koma ine ndinatsinzina diso limodzi, kukanikiza monga timachitira, kupititsa kamodzi kokha, ndipo fumbi loyera linatulukira pakhomo, kudzaza msewu, kukwirira dera lonse la Evington, mabasi kuima, ana kuuzidwa kuti kwagwa chipale asapite kusukulu, mpaka a tauni ina ya Loughborough kuyamba kufosholera pakhomo mwezi wotentha. Ndikulumbira, pali mayi anga. Thabwalo linapyapyala moti mkamwini anawerenga nyuzipepala kudzera m'menemo, ndiye mphepo italowa linauluka lokha, kukafika kunyanja, kukwera mafunde popanda munthu, azungu akuliombera m'manja, madzulo n'kubwerera lili louma. Mukumva inu?

Mkamwini anangogwira mutu, misozi ili lengelenge. Linali thabwa la mwezi wathunthu akulikonza, ndiye ndinadziwa kuti ndi misozi ya chimwemwe. Ndinamusisita paphewa, ndinamva kukoma kwambiri.

Mukufuna umboni? Thabwa lonse ndi ili, ndimaikira chizindikiro m'Baibulo, pa Masalimo. Ndipo onani ulemu umene amandipatsa: chichokereni tsiku limenelo galaja amakhoma, kiyi Tadala amapita nayo kuntchito, akuti manja ngati anga asamatope.