Bondo la a Machira

Inu, tasunthirani kuno mumve zomwe zinawaonekera a Machira sabata yathayi. Amene mudakula mukuonera mpira mukuwadziwa, goloboyi uja adagwirira timu yaikulu ya m'tauni muno zaka khumi ndi zinayi. Kugwira mpira ankagwira ndithu, tisawanamizire. Koma chomwe chidawatchukitsa n'kugwa. Timu yawo ikangotsogola ndi chigoli chimodzi, kwatsala mphindi khumi, munthu n'kungowadutsa pafupi osawakhudza n'komwe, basi mkulu uja ali khu! pansi, wagwira bondo, akugubuduka mpaka kukafika pa mbendera ya pakona. Onyamula ovulala ankachita kuimiriratu nthawi isanakwane. Dzina la Machira lidachokera pamenepo.

Tsono zaka zapita, mimba yabwera, ndipo bondo lakumanja lomwe ankalinamizira lija linayamba kuwawa zenizeni. Kutupa kwake! Sitepe imodzi yokha ya pakhonde ankachita kukambirana nayo kaye asanaikwere.

Posachedwapa timu yawo yakale inalengeza kuti ikufuna wophunzitsa magoloboyi. Ntchito imeneyi a Machira ankaifuna ndi mtima wonse, pakuti chisiyireni mpira ankangokhala pakhomo, kuthirira maluwa ndi kukangana ndi wailesi. Wapampando wa timu anawauza pafoni mosapita m'mbali: "Mubwere Lachiwiri m'mawa tidzaone ngati thupi likadalola. Wophunzitsa wongoloza ndi chala sitikumufuna."

Akazi awo ndiwo ankaona zonse.

"Abambo, tiyeni kuchipatala akalione bondolo."

"Bondo liti?"

"Lomwe mukulikokalo."

"Aka ndi kayendedwe ka akatswiri, mayi. Inu simudasewerepo mpira."

Chilungamo chake ankaopa. Kuchipatala wina akanawazindikira, ndipo dzuwa lisanafike pamutu nkhani ikanakhala itamupeza wapampando kuti a Machira atha ntchito.

Lachiwiri m'mawa anadzitsekera m'bafa ndi chikwama chawo chakale cha masewero. Munali mafuta aja osewera amapaka pa minofu, otentha aja, onunkha mpaka kumsewu. Masiku awo ankapaka kadontho. Tsikulo anafinya chubu chonse, ati bondo lokalamba silimva zonong'oneza. Anapukuta manja ndi kathawulo, kathawuloko n'kuponya m'thumba la jekete. Kenako anakulunga mabandeji awiri, n'kumanga ndi tepi pamwamba, kukoka ndi mano mpaka mwendo unauma gwa ngati munsi. Potuluka m'bafamo mphaka wa panyumbapo anawanunkhiza kamodzi n'kusamuka.

"Mwadzola chiyani?" anafunsa mayi aja atagwira mphuno.

"Fungo la ntchito ili," anayankha, n'kutuluka akuponya mwendo cham'mbali.

Mavuto anayambira mu minibasi. Mwendo sukupindika! Thupi lonse lalowa, phazi latsalira kunja.

"Madala, pindani mwendo titseke chitseko," anatero kondakitala.

"Mwendo uwu supindidwa wamba, mphwanga. Udapulumutsa mapenate makumi atatu."

"Ndiye upulumutsenso nthawi yathu, anthu akuchedwa kuntchito!"

Mapeto ake anawakhazika chopingasa, mwendo utadutsa pa miyendo ya anthu atatu. Galimoto isanapite patali onse anali akuyetsemula. Mayi wina kumbuyo anakuwa: "Tsegulani mawindo, wina wanyamula mankhwala a nsikidzi muno!" A Machira anangoyang'ana kutsogolo ngati sakumva.

Apo n'kuti mafuta aja atayamba ntchito pansi pa bandeji. Inu, moto! Thukuta linayamba kutsika kamukamu, ndipo mkulu uja anapisa m'thumba, n'kutulutsa kathawulo kaja, n'kudzipukuta nkhope yonse mpaka m'maso. Zomwe zinatsatira musazifunire ngakhale mdani wanu. Anatsika pageti la bwalo maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, mamina osanena.

Wapampando atawaona anagwira pamtima. "Taonani chikondi cha timu! Munthu kungoona bwalo lake lakale mpaka kulira!" Anawakumbatira mwamphamvu, n'kuyetsemula katatu.

Pabwalo panali kochi wamkulu ndi magoloboyi atatu a timuyo, amuna ataliatali. A Machira anavala magolovesi n'kuima pagolo, akuona mipira iwiriiwiri chifukwa cha misozi. Kochi anamenya woyamba, wolunjika pachifuwa. Gwi! Wachiwiri wam'mwamba, anaukankha ndi chibakera. Mtima unayamba kukula. Wachitatu unabwera wapansi, kumanja, kutali ndithu. Munthu wanzeru akanangousiya udutse n'kunena kuti unali wakunja. Koma a Machira anaona wapampando akuyang'ana, ndipo anauluka.

Mpira anaugwira, zimenezo ndiye tivomereze. Koma bondo linalira kuti thyo!

"Mayo ine! Ndafa! Bondo langa!"

Bwalo lonse linaombera m'manja.

"Mwaona?" anakuwa kochi, akukokera magoloboyi aja pafupi. "Kugwa ndi kumeneku! Onani nkhope! Onani mmene akulumira udzu! Inu mukagwa mumangokhala ngati mukufunafuna kiyi. Jambulani, jambulani!"

Mafoni atatu anatuluka.

"Itanani dokotala, anthuni!"

"Mpaka mawu omwe!" anatero kochi. "Ukamva chonchi iwe woyimbira ungatani? Mphindi zinayi zapita pamenepa!"

"Sindikunama! Ndikulumbira!"

"Eya, ndi kulumbira komwe. Lembani zimenezo."

Wapampando anali atagwira m'mimba ndi kuseka. Atapezako mpweya anayandikira ndi mapepala m'manja. "A Machira, ine ndimaopa kuti mwakalamba, koma lero mwaposa kale. Ntchito ndi yanu. Dzukani tisainirane."

Apa ndiye panavuta. Akanena zoona, ntchito yapita, abwerere kukathirira maluwa. Akati adzuke, mwendo wakana, suli wawonso. Mantha anawagwira kuposa ululu, pakuti ntchito inali pompo, mapazi awiri kuchokera pamphuno pawo. 

"Bwana," anatero mano ali okukuta, "goloboyi weniweni sadzuka woyimbira asanabwere kawiri."

M'manja munaombedwanso. Anthu anadikira. Mphindi zitatu, zisanu, dzuwa likuwamenya, nyerere zayamba kuwayendera m'khosi. Wapampando anayang'ana wotchi, kumwetulira kuja kukuchepa.

Kenako a Machira anamva nsapato zikubwera pa udzu. Anali akazi awo. Mayi aja anali atawatsatira pa minibasi ina n'kukhala phee pa mipando ya oonerera. Anagwada pambali pawo ngati akuwakonza kolala.

"Lathyoka?" ananong'oneza.

"Mwadziwa bwanji?"

"Zaka zonse zija mukagwa munkatsegula diso limodzi kuyang'ana wotchi ya bwalo. Lero onse awiri ndi otseka."

"Musanene, mayi. Chonde. Ndikupita kuchipatala kulikonse komwe mungafune, koma musanene."

Mayi aja anawayang'ana. Mkwiyo unalipo, koma chisoni chinaposa. Anaimirira, n'kusasa udzu pa siketi.

"Akochi, aphunzitsi akuti phunziro silinathe. Gawo lachiwiri ndi katulukidwe m'bwalo. Machira muli nawo?"

"Tili nawo, mayi!"

Magoloboyi aja anathamanga n'kubwera nawo. Anawakweza mkulu uja akubuula, kochi akufotokoza kubuula kulikonse. Wapampando anawaikira mapepala pamimba, ndipo a Machira anasaina chogona.

"Pang'onopang'ono," ankalamula mayi aja ali patsogolo. "Wovulala sathamanga naye. Khotani kumanzere. Pitirirani."

"Mayi, mzere wa bwalo tadutsa kale," anatero mmodzi.

"Aphunzitsi sanati muime. Mpaka pageti."

Pageti anaimitsa takisi, n'kuwalowetsa kumbuyo chogona, phazi lili pawindo. Galimoto ikuti izinyamuka, wapampando anafika akupuma wefuwefu n'kusuzumira.

"A Machira, zikomo kwambiri! Koma Lachinayi mudzagwenso chimodzimodzi, a komiti ena sanaone."

Kuchipatala namwino anadula tepi ija ndi lumo misozi ikutuluka chifukwa cha fungo, akufunsa ngati bambowa anagwera m'chidebe cha mankhwala. Dokotala wa mafupa anaunika, anajambula, n'kupukusa mutu.

"Bondo ili likanabwera miyezi itatu yapitayo tikanangolipatsa mapiritsi ndi mafizo olimbitsa minofu. Pano ndi pulasitala masabata asanu ndi limodzi, ndodo ziwiri, ndipo phazi ili lisagunde pansi. Mwamva, bambo?"

"Amva," anayankha mayi aja. "Ndiwamvera ndine."

A Machira anayang'ana kudenga ngati munthu amene waphunzira kanthu. Mayi aja mpaka mtima unayamba kukhala pansi. Dokotala atatsala pang'ono kutuluka, mkulu uja anamukoka chovala, n'kusisita bondo linalo.

"Adokotala, tandiuzani mwachinsinsi. Lakumanzereli lingapirire kugwa kamodzi kokha Lachinayi?"