Mbuzi Zinadya Zamasika Ana Atatsinzina

A Tembo, wapampando wa mpingo wathu, sanandipatsenso moni wabwino chiyambire masika a chaka chatha. Tikakumana panjira amayang'ana mitambo ngati akufuna mvula. Sindiwadandaula. Nkhaniyi ndinaiputa ndekha.

Mpingo wathu ndi waung'ono, kanyumba ka njerwa m'mudzi wina kufupi ndi Tamanda, ndipo abusa amatifika mwa apo ndi apo. Amayi amene ankaphunzitsa Sande sukulu atasamukira kwa mwana wawo ku Nabvutika, akulu a mpingo anasowa womusiyira ana. Amene anakweza dzanja ndine. (Kuwerenga ndinakuphunzira imvi zitatuluka kale, kusukulu ya akuluakulu, ndipo ana anga anakula osandionapo nditagwada. Mwina n'chifukwa chake dzanjalo linakwera lokha.) A Tembo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati andiyese kaye, ndikalakwitsa andichotsa.

Tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Lamulungu loyamba ndinasuzumira pakati pa pemphero, ndipo zimene ndinaona zinandiwawa. Wina ankatola nyerere, wina ankatsina mnzake, kamtsikana kena dzina lake Tiyamike kanali kundiyang'ana m'kamwa kuwerenga mano otsala. Ndinatsimikiza mumtima kuti ana awa, ngakhale alephere zina zonse, kutsinzina popemphera adzakudziwa.

Ndinakhazikitsa lamulo: diso lisatseguke mpaka ine nditanena kuti Amen. Wotsegula sadzaimba nawo pamaso pa abusa tsiku la masika. Ana a kwathu kukwapulidwa sakuopa kwenikweni, koma kuchotsedwa pamzere wa kwaya makolo akuona ndi nkhani yolira nayo sabata yonse. Kenaka ndinayamba kuwayesa. Ndinkagwetsa chitini pamwala, ndinkatsokomola pafupi ndi khutu la mwana, tsiku lina ndinafuula kuti galimoto ya abusa yafika. Masabata oyamba ankagwa ambiri. Pofika nyengo yokolola, mukanawomba mfuti ana aja akanangogwedezeka mapewa, maso ali gwa. Ndinkadzitama nazo kunyumba mpaka akazi anga anandipempha kuti ndizisinthako nkhani.

Tsiku la masika linafika. Kwathu anthu amabweretsa zokolola kudzathokoza Mulungu, zikagulitsidwa zimathandiza ntchito ya mpingo, ndipo chaka chimenecho tinagwirizana kuti zigule malata a chisakasa cha ana. M'tchalitchi munadzaza moti malichero a mtedza, madengu a chimanga, nyemba ndi mbatata anaziika kunja, pamthunzi wa mango uja, kudikira nthawi yolowa nazo poimba. A Tembo anandiuza kuti popeza ndili pomwepo ndi ana, ndiziponyako diso. Ndinayankha kuti asade nkhawa.

Zenera la pafupi ndi guwa linali lotsegula, ndipo ndinkaona mutu wa abusa. Apa m'pamene mdyerekezi anandilowa. Ndinaganiza zoti abusa amve mmene mkulu wosaphunzira uja amapempherera, aonenso ana ake ali chete ngati zitsa. Ndinawagwaditsa anawo, nane ndinatsinzina (mphunzitsi azichita zimene amaphunzitsa), ndipo ndinayambira pa Adamu.

Ndili cha pa Nowa ndinamva tsekeretseke kumbuyo kwanga. Ndinati ndi mphepo. Ndikuwolotsa ana a Israele panyanja ndinamva kukukuta. Ndinati mumtima, pali mwana wabisa chimanga chokazinga m'thumba, ndithana naye ndikamaliza. Kenaka Tiyamike ananong'ona.

"Agogo."

Ndinakweza mawu.

"Agogo, kukununkha tonde."

Ndinapempha Ambuye akhululukire ana olankhula pamene akulu akulankhula ndi Mulungu.

Patapita kanthawi mwana wina anati Amen. Wina anatsatira. Posachedwa onse anali kuti Amen, Amen, ena mawu akunjenjemera. Iwo ankandikumbutsa liwu limene likanawamasula maso. Ine ndinamva ngati Mzimu watsikira pa ana anga, misozi inalengeza, ndipo ndinawonjezera za Danieli m'dzenje la mikango, zimene poyamba sindinakonze n'komwe.

Chinandiimitsa n'chakuti wina ankandikoka jekete chakuthumba, m'mene ndinasunga masiwiti oti ndiwagawire akaimba bwino. Ndinatambasula dzanja, maso ali chitsinzinire, kuti ndimenye kadzanja kosamverako. Ndinagwira ndevu. Ana anga a Sande sukulu alibe ndevu.

Nditatsegula maso, tonde anali kundiyang'ana, nsalu ya thumba ili kukamwa. Kumbuyo kwake gulu lonse la mbuzi linali m'malichero, ina itaima m'dengu miyendo yonse inayi. Mtedza unatsala makoko. Ndipo ana anga onse anali chigwadire, manja pachifuwa, nkhope zonyowa, maso otseka. Ndinathamangitsa mbuzi ndekha kuzungulira mtengo ndikukuwa, popanda mwana ndi mmodzi yemwe wondithandiza, pakuti m'chipwirikitimo ndinaiwala kunena Amen. Mpingo wonse unatuluka n'kutipeza choncho. Abusa ndi amene anayang'ana anawo, n'kuyang'ana ine, n'kunena Amen m'malo mwanga.

Mlandu unakambidwa pomwepo mapemphero atatha. A Tembo anayala bwino mfundo zawo: anandichenjeza, anandipatsa ntchito yaing'ono yoyang'anira malichero, malata apita m'mimba mwa ziweto, choncho ana apatsidwe munthu wina. Ndinkangogwira pamene panali thumba.

Ndiye anaimirira Anaphiri, mayi wamasiye amene lichero lake linali loyamba kutha. Anati iwo za mphunzitsi alibe nazo mawu, koma tonde wodulidwa khutu lakumanzere uja amamudziwa, pakuti anawathera dimba chilimwe chatha. Anafunsa mwaulemu ngati wapampando angathandize mpingo kukumbukira mwini wake.

A Tembo anati mbuzi zimafanana.

"Zimafanana ndithu, bambo," anatero Anaphiri. "Koma uyu mukamuitana inuyo amabwera."

Abusa anatsokomola nthawi yaitali m'kansalu kawo. Atatha anagamula kuti chopereka cha Mulungu sichitayika, chimangosintha chotengera, ndipo popeza chambiri chinali m'mimba mwa tonde, tondeyo alowe m'tchalitchi m'malo mwa malichero. Anamulowetsa ana akuimba, Tiyamike atagwira chingwe. Malata tinagula ndi tonde ameneyo. Za ine abusa anati ndipitirize, poti sanaonepo ana omvera chotero, kungoti pemphero la ana lizikhala la msinkhu wa ana.

Ndinaphunzirapo. Ndinawauza anawo kuti kuyambira tsopano akanena Amen iwo, ine ndiziima n'kuyang'ana chimene chavuta. Lamulungu lapitali ndinangoti "Atate wathu wakumwamba," onse pamodzi anati Amen. Ndinatsegula maso, ndinazungulira chisakasa chonse, ndinasuzumira ndi kuseri kwa mango. Kunalibe mbuzi. Pobwerera ndinapeza atafola kale mzere wa masiwiti.