Odi Amanenera Panja

Usiku wathawu ndinalota zoti mukamva, anzanga, munena kuti Nthambi sukulu yamuzunguza mutu. Paja mukudziwa kuti chiphaso changa chokhalira kuno kudziko la eni ngati wophunzira chikutha tsiku lovala gauni lisanafike, pomwe amayi kumudzi akusoketsa kale diresi yodzaonera mwambowo. Ndiye kutuloko chiphasocho chinatuluka chokha m'chikwama, chikutsokomola ngati nkhalamba, n'kundiuza kuti chatopa, chikukapuma. Ndinachigwadira, koma chinangondibayibitsa.

Ndiye gauni ija inayamba kulira pakhoma kuti ivalidwa ndi ndani. Sutikesi inati kulira sikuthandiza, ndikwere. Ndinakwera pamsana pake, iyo liwiro ndi timatayala take, mwadzidzidzi tili mu ofesi yoona za alendo, koma m'kati mwake mwamera mitengo ya mango.

Pakauntala panali mayi wamagalasi, yunifolomu yosita bwino. Ndikuyamba kudandaula, khosi lake linatalika, magalasi n'kutsetserekera pamlomo wosongoka, basi wasanduka kakowa. Koma kakowa wake, anzanga, ulemu wotero sindinauonepo. Woyera mbee, wodekha, anandimvetsera mpaka kumapeto ngakhale ndinkangobwereza zomwezomwezo. Ndinapempha kuti angondisandutsa mlendo wodzacheza pomwepo, poti alendo amaloledwa kukhalako kanthawi. Chidindo cha patebulo chinaseka mpaka kutaya inki.

Kakowa anachiyang'ana kamodzi kokha, chinangoti zii. Ndiye anandifunsa m'Chichewa chenicheni cha kwathu ku Dedza:

"Mwanawe, kwanu munthu amanena odi ali kale pabalaza?"

Ndinati ayi, amanenera panja.

"Ndiye tuluka, ukanene odi. Ife a mapiko timatero chaka ndi chaka."

Ndinamukonda mayi ameneyu, sindikunama. Lamulo lomwe lakhala likundisowetsa mtendere, iye analimasula ngati mfundo ya nsalu. Ndipo sanangondilozera khomo ayi. Anandilandira sutikesi n'kundiperekeza monga timachitira ndi mlendo kwathu, akundifunsa za mvula, mpaka pamalire a dziko, omwe anali chingwe choyanikapo zovala. Mlonda wa pamenepo anasanduka kamba, n'kundidindira pasipoti ndi mimba yake. Ndinawerama n'kudutsa.

Mwadzidzidzi dziko lonse lija linali ndi chitseko chimodzi, chamalata. Amayi ali pambali panga, diresi yosamaliza kusoka, singano ikulendewera pamkono. Gauni ikundisuzumira pawindo, maso ali gwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene odi, koma mawu osatuluka. Zaka zonsezi ndakhala ndikungodina belu m'makomo a eni, ndiye liwu lija linachita dzimbiri pakhosi. Mantha anandigwira, poti m'katimo ng'oma za mwambo zinali zitayamba.

Amayi anandigunda ndi chigongono. "Nena, iwe. Wayiwala?"

Pamng'alu wa chitseko ndinaona kakowa uja ataima pafupi, phiko lili kale pachogwirira, akungodikira liwu limodzi lokha kuti atsegule. Sanandifulumizitse. Ndinakoka mpweya wonse wa m'chifuwa.

Ndiye belu la pakhomo linalira, wobweretsa katundu wa neba atasokoneza nambala ya nyumba. Ndinadzidzimuka nditakuwa odi wamphamvu, koma ndili m'kati momwemo, pabedi, sutikesi ili kukamwa yasaa pakona.